Difu ya Hilux ikulira chiyikireni magiya a 4.88

Bambo a Tada: Akuluakulu mwaswera bwanji pagulu pano. Ndili ndi vuto ndi Hilux yanga, LN106 ya injini ya 3L ija. Ndinaiveka matayala akuluakulu a 33 inch chifukwa cha misewu ya kwathu kuno ku Bembeke nthawi ya dzinja, koma itangovala matayalawo galimoto inachita ulesi, kachitunda kalikonse kufuna giya 2. Nde mlamu wanga wa ku Joni ananditumizira crown ndi pinion, magiya awiri a mkati mwa difu aja, za ratio ya 4.88 (pinion izungulire ka 4.88 kuti tayala lizungulire kamodzi), maseti awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, pamodzi ndi ma bearing ake atsopano, makaniko wina wa pa boma pano nkundiyikira. Mphamvu yabwereradi sindinama, koma pano kumbuyoku kukumveka kulira kwinakwake, wiiiii, komwe kale kunalibe. Makanikoyo akuti magiya atsopano amatero, akazolowerana zisiya zokha. Ndi zoona zimenezi kapena ndikuononga katundu ndikamayendabe?

Kamfana wa Surf: Thirani oyilo wolemera biggy, 85W-140, phokoso lonse zii. Yanga inkateronso

aPhiri a ku Biwi: Achimwene musanathire kalikonse tiyankheni kaye izi, chifukwa kulira kwa kumbuyo kuli mitundumitundu ndipo mtundu uliwonse uli ndi mwini wake. Ikulira nthawi iti, mukamaipatsa moto, kapena mukachotsa phazi ili mu giya, kapena nthawi zonse olo muyike giya pa free? Imayamba pa speed yanji nkusiya pa speed yanji? Mukamakhota kulirako kumasintha? Nanga mukachoka pa tala kulowa pa fumbi? Komanso ma hub akutsogolo, olumikiza matayala ku 4x4 aja, ali pa free kapena munawayiwala pa lock? Pitani mukayende kaye pamsewu wosalala, wailesi muzimitse, wina akhale kumbuyo azimvetsera, mubwere mutiuze.

Che Cruiser: Ine ndikuti wheel bearing imeneyo. Pochotsa difu amasolola ma half shaft, zitsulo zochoka ku difu kupita ku matayala zija, nde ena pobwezera amamenya ndi hamala, bearing nkuvulala pomwepo

Bambo a Tada: Ndabwera aPhiri. Ndinatsika ndi M1 kuchoka pa Dedza kulowera ku Linthipe, mwana wa achimwene anga anakhala kumbuyo. Zili chonchi, ndikamaipatsa moto kulirako kulipo koma kwapansipansi, ukapanda kutchera khutu sungakumve. Ndikangochotsa phazi ili mu giya 4 kapena 5 nde imakuwa zenizeni, kuyambira cha m'ma 80 kutsika mpaka 60, pa 70 ndi pomwe imanyanya, ikafika 50 zii. Ndikaponda kilachi kapena kuyika pa free imachepa kwambiri, kumangotsala kakuti shiiii. Kukhota sikukusintha kanthu, kumanja kumanzere chimodzimodzi. Ma hub ali pa free. Mnyamatayo akuti zikuchokera pakati penipeni pansi pa bodi, osati ku tayala. Chinanso ndaona lero, ndikachotsa phazi nkupondanso mwachangu pakumveka kakuti kho!

aPhiri a ku Biwi: Eya, pano nde tikukamba. Che Cruiser pepani wheel bearing ichoke pa list. Wheel bearing siidziwa zoti mwaponda moto kapena mwachotsa phazi, iyo imangodziwa speed ndi kulemera komwe kwaitsamira, nchifukwa chake mukakhota kulira kwake kumasintha, ndipo imalira mokhuthala, guuuu, osati wiii. Matayala achokenso, matayala a matope aja amalira nthawi zonse olo pa free ndipo amasintha mawu malinga ndi msewu. Chimene chimasintha mawu ndi phazi lanu ndi mano a crown ndi pinion basi. Dzino lililonse la crown lili ndi mbali ziwiri, ina imagwira ntchito injini ikamakankha galimoto, inayo imagwira galimoto ikamakankha injini, monga potsetsereka muli mu giya. Yanuyo ikulira mbali yachiwiriyi.

Che Cruiser: Chabwino ndagonja kkkk koma ayang'anebe ma bearingwo, galimoto za 90s izi

Anachisale: Bambo a Tada, tisanapite patali, mwatsimikiza kuti zomwe anayika kutsogolo ndi kumbuyo ndi ratio imodzi? Ndikufunsa chifukwa kuntchito kwathu ine ndi amene ndimasunga mabuku a galimoto, nde inalipo pick up ina anaisinthira difu ya kumbuyo yogula kwa ophwasula osawerenga mano, pa 2WD imayenda bwinobwino, tsiku lomwe dalaivala analoka 4x4 galimoto inayamba kumangika ndi kudumphadumpha, matayala kukhululuza, mpaka transfer inavulala. Olo bokosi lilembedwe 4.88 muwerenge nokha, crown ikhale ndi mano 39 pinion 8. Zakale munachotsazo ngati zinali 4.30 mupeza 43 ndi 10.

Bambo a Tada: Mayi zikomo, mano tinawerenga tisanayike, onse awiri 39 ndi 8. Pa kachitsulo ka mu bonet kaja palembedwa G282, mlamu wanga ndi amene anati zikutanthauza difu ya 8 inch, 4.30, yopanda LSD (limited slip, yoletsa tayala limodzi kumangozungulira lokha poterera). Zakalezo ndasunga zili mu thumba.

Achimwene a ku Joni: Mlamu wanuyo wawerenga bwino, G ndi 8 inch, 28 ndi 4.30, 2 wakumapetoyo ndi difu wamba. Nde nkhani ya oyilo wa LSD palibe apa. Ine ndimagwira pa workshop ya ma 4x4 kuno, ma Hilux ndi ma Cruiser osintha ratio timawaona pafupipafupi. Zoti magiya atsopano amafuna kuzolowerana ndi zoona koma anthu amazimva molakwika. Kuzolowerana ndi nkhani ya kutentha. Magiya atsopano amatentha kwambiri masiku oyamba, nde umayenda ma kilomita 25 kapena 30 pang'onopang'ono, kuima kuti difu izizire, kubwereza kangapo, osakoka ngolo osasenza katundu wolemera mpaka ma kilomita 800, kenako kukhetsa oyilo kuthira wina. Zimenezo zimateteza mano kuti asapse. Koma giya yomwe yayikidwa mokhota siiwongoka chifukwa choyenda, imangodyeka mokhota momwemo, ndipo ikadyeka nde basi kulirako kumakhala kwa muyaya olo mudzaikonze bwino pambuyo pake. Nde funso langa, mwayenda mtunda wautali bwanji chiyikireni ndipo mwanyamulapo katundu?

Bambo a Tada: Sinafike 300 km, katundu ayi, mbatatesi sitinayambe kukumba. Ndimangozungulira konkuno ndi ulendo wa ku Linthipe uja.

Achimwene a ku Joni: Nde muli ndi mwayi. Imikani galimotoyo lero lomwe.

Kamfana wa Surf: Koma akuluakulu mukukulitsa nkhani, oyilo wa 140 ndi wotchipa kusiyana ndi kumasulanso difu yonse. Ena mpaka amathira utuchi kapena makoko a nthochi zimatheka kkkk

Anachisale: Utuchiwo ndi wa anthu ofuna kugulitsa galimoto mawa m'mawa. Musatiphunzitsire anthu zoipa pano inu

Gogo Sipanala: Ndawerenga zonse kuchokera pamwamba, zala zanga ndi zochedwa pa foni nde mundipirire. Mwana wanga wa Surf, oyilo wolemera amabisa mawu pang'ono koma chomwe chikudyeka mkatimo chimapitirira kudyeka. Chofunika pa oyilo wa difu ndi chakuti akhale GL-5, chifukwa pinion ya difu imakhala mmunsi mwa pakati pa crown nde mano ake amakhulana motsetsereka, oyilo wa giyabokosi wa GL-4 sakwanitsa. 80W-90 GL-5 ndi wokwana.

Tsopano Bambo a Tada. Difu yatsopano ikamalira pochotsa phazi pokha, ine malo oyamba kukayikira ndi ma bearing a pinion kuti sanamangidwe mokwanira. Pinion imakhala pa ma bearing awiri oyang'anizana, ndipo nati ya pa flange, kachimbale komwe propshaft yobweretsa mphamvu ku difu imamangidwirapo, ikamangidwa imawafinya kuti pinion izizungulira molimbirako pang'ono, yosagwedera olo pang'ono. Kufinyako ndi kumene timati preload. Pakati pa ma bearing awiriwo pali kapaipi kofewa kotchedwa crush sleeve, kamafwanyika nati ikamamangidwa, ndipo kamagwira ntchito kamodzi kokha. Tsono mukamaponda moto mano amakankhira pinion kutsogolo, imakatsamira pa bearing yaikulu ya kumutu kwake, imakhazikika, phokoso limachepa. Mukachotsa phazi mphamvu imatembenuka, pinion imakokedwera mkati mwa crown, nde ngati preload palibe imasuntha, mano nkukumana pamalo olakwika, ndi kulira mukumvako. Kho! uja ndi kusuntha komweko kuphatikiza mpata wa pakati pa mano ngati wakula.

Kafunseni makaniko wanuyo mafunso atatu. Crush sleeve anayika yatsopano kapena yakale? Nati ya pinion anamanga ndi chiyani ndipo anayeza bwanji? Anapaka utoto pa mano kuti aone pomwe akukhudzana? Mukatero lowani pansi pa galimoto, tsekerani matayala ndi miyala, masulani mabawuti anayi a propshaft kumbuyo, gwirani flange ndi manja awiri muyese kuikankha mmwamba ndi pansi, mkati ndi kunja. Siyenera kusuntha ngakhale pang'ono. Kuzungulira pang'ono kumanja kumanzere ndi kwabwinobwino, koma kugwedera ayi.

aPhiri a ku Biwi: Madala afika, ife tikhale pansi. Kungowonjezera, poti propshaft mwaimasula kale yang'ananinso ma cross ake, mfundo zopindikira za kumapeto kwake zija. Kuchoka pa 4.30 kupita pa 4.88 ndiye kuti pa kuzungulira kumodzi kwa tayala propshaft ikuzungulira mowonjezera ndi 13 peresenti, nde cross yomwe inali yotopa kale imayamba kudziwika pano. Koma cross imanjenjemeretsa galimoto ndi kugogoda, siyimba wiii, nde musayembekeze kuti vuto lonse lili pamenepo.

Wa Pajero ku Zomba: Njira ina yomwe ine ndinaonapo, chotsani propshaft ya kumbuyo yonse, lokani ma hub, ikani H4 muyende ndi kutsogolo kokha. Pa Hilux imeneyo transfer ili ndi flange nde oyilo satayika. Difu ya kumbuyo izizungulira yopanda katundu, kulira kukatha ndiye kuti ndi mano, kukatsala ndiye ma bearing

Achimwene a ku Joni: Njirayo ndi yoona koma pano sikufunika, kuyika pa free kuja kwatiuza kale zomwezo. Komanso kumbukirani difu yakutsogolo anayika ndi munthu yemweyo, mukaisenzetsa galimoto yonse pa 70 mutha kuononga ziwiri mmalo mwa imodzi

Mphunzitsi wa Physics: Ndilowererepo ndi masamu pang'ono, ondinyoza andinyoze. Tayala la 33 inch likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 2.6. Pa 70 km/h ndiye kuti likuzungulira ka 7.4 pa sekondi. Crown ili ndi mano 39, nde mano akugundana ka 7.4 kuchulukitsa ndi 39, pafupifupi 290 pa sekondi. Pa 60 ndi cha m'ma 250. Pali ma app a ulere a pa foni oyeza mawu mu Hz, mukadakhala kuti mukuyendabe mukanaika foni pansi kumbuyo kwa mpando nkuona ngati mzere wowala uli cha pa 290 ndipo ukutsika limodzi ndi speed, pamenepo palibenso mkangano kuti ndi mano a difu. Speed yake muziona ya GPS chifukwa speedometer ndi matayala osinthawo siyodalirika. Komanso zithandiza ena, phokoso la dzino limodzi lobenthuka pa crown limamveka kamodzi tayala likazungulira, du du du, pomwe la pa pinion limafulumira pafupifupi kasanu kuposa pamenepo.

Kamfana wa Surf: Aphunzitsi ife physics tinathawa form 2 kkkkk

Bambo a Tada: Ndinapita kwa makaniko uja. Crush sleeve akuti anabwezera yakale chifukwa inali bwinobwino, yatsopano ija wandibwezera ili mu pepala lake. Nati akuti anamanga ndi chipaipi mpaka pinion inalimba osazungulira, nde anabweza pang'ono kuti imasuke. Za utoto anandiyang'ana modabwa, akuti iye amamva ndi dzanja, zaka zonsezi palibe anadandaulapo. Shim, kachitsulo kopyapyala ka pansi pa bearing kosendezera pinion pafupi ndi crown, anachotsa pa pinion yakale nkuyika pa yatsopano. Ndalowanso pansi monga ananenera a Gogo, flange ikugwedera ndithu, ukaikankha mmwamba ikumveka tiki tiki, ndipo pa seal payamba kunyowa oyilo. Ma cross ali bwino.

Gogo Sipanala: Basi nkhani ndi imeneyo. Anafwanya sleeve yofwanyika kale, nkupitirira muyezo, kenako nkubweza nati. Nati ya pinion sibwerera mmbuyo mwana wanga, ukapitirira umachotsa sleeve nkuyika ina, nchifukwa chake anzeru amagula ziwiri. Ukabweza, sleeve ija yafupika kale, palibenso chokankha nati kuti ikhale yolimba, ma bearing atsopano akangokhazikika pang'ono zonse zimamasuka. Ndipo pomanga mpaka pinion kuuma paja mwina ma bearing anadindika, akatsegula muyang'ane ma cone ake pa dzuwa, mukaona timizere toimirira motalikana mofanana musabwezere.

Shim yakale poyambira si kulakwa, tonse timayambira pomwepo. Kulakwa ndi kuthera pomwepo. Magiya ogula padera sakhala ndendende ngati a Toyota, nde shim imafuna kusintha mpaka utoto unene kuti zakhala.

Ubwino wa Hilux difu yake imachoka yonse ngati mphika, mumasolola ma half shaft, kumasula manati ozungulira aja, nkuinyamula kupita nayo pa tebulo. Galimoto isiyeni pa Dedza pompo, difu yokha ikwere minibus.

aPhiri a ku Biwi: Bwerani nayo kuno achimwene, dial gauge yoyezera mpata wa pakati pa mano ndili nayo, press ilipo kwa aneba. Mubweretse sleeve yatsopanoyo, seal ya pinion yatsopano, nati yatsopano, ndi ma bearing akale aja ngati simunataye. Pokhetsa oyilo musataye, thirani mu chigubu choyera ndipo chomwe chamata pa maginito a drain plug mujambule tione.

Wa Pajero ku Zomba: Makaniko ameneyo abweze ndalama basi. Anthu amenewa akutipweteka, chilichonse "ndimatha bwana"

Che Cruiser: Koma tinene zoona, ifenso eni galimoto timafuna difu itheke tsiku limodzi pa mtengo wosinthira ma brake pad. Kuseta crown ndi pinion ndi ntchito yomanga nkumasula, kumanga nkumasula, mwina kanayi kasanu, munthu akakuuza mtengo wake weniweni umathawira kwa wotchipa. Makaniko ambiri a m'ma tauni athuwa ntchito yomwe anazolowera ndi kuchotsa difu yakufa nkuyika ina yathunthu ya kwa ophwasula, yoseta kale ku fakitale, nde dial gauge aigulirenji

Anachisale: Zoona Che Cruiser koma akanangonena kuti bwana izi sindinapangepo. Palibe amene akanamumanga

Bambo a Tada: Oyilo ndakhetsa, ndi wakuda ndithu, pa maginito pali phala lotuwa losalala, ndikalipekesa pa zala silikubaya. Tizitsulo tonyezimira sindikutiona. Chithunzi ndi icho.

Achimwene a ku Joni: Zimenezo ndi zabwinobwino, magiya atsopano amabwera ndi utoto wakuda wa ku fakitale umene umasuluka nkudetsa oyilo woyamba. Zoopsa ndi tizidutswa tobaya kapena tonyezimira. Mwaigwira nthawi yabwino

aPhiri a ku Biwi: Report ya difu ya Bambo a Tada, poti ambiri mumafunsa ku inbox. Tisanamasule kalikonse tinayeza kaye mmene inabwerera. Mpata wa pakati pa mano, backlash, tinayeza malo anayi kuzungulira crown, ikusewera pa 0.28 mpaka 0.30 mm. Buku la Toyota pa difu imeneyi limafuna 0.13 mpaka 0.18, opanga magiya apadera ena amalola kufika cha m'ma 0.25, kapepala ka mu bokosi ndi komwe kamalamula, koma 0.30 ndi yambiri kulikonse. Ubwino wake manambala anayiwo ndi oyandikana, ndipo titayika gauge kumsana kwa crown kupotoka kwake ndi 0.04, malire ndi 0.10, nde crown inakhala bwino pa carrier, chitsulo chomwe imamangidwirapo, palibe kachitsotso kotsalira pansi pake. Titachotsa carrier, pinion ukaizunguza ndi chala imapitirira yokha kuzungulira, preload zero.

Utoto tinapaka wachikasu uja pa mano anayi anayi malo atatu, mbali zonse ziwiri, nkuzunguza pinion wina atafinya crown ndi chithabwa kuti ilimbe, chifukwa ukazunguza yopanda katundu chidindo chake chimanama. Zomwe zatuluka, mbali zonse ziwiri chidindo chili kumwamba kunsonga kwa dzino. Mbali yoponda moto chapendekera kunja kwa crown, mbali yochotsa phazi chathawira mkati ndipo chikuchita kutuluka pa nsonga penipeni. Zithunzi ndi izo, a Gogo tiuzeni ngati tikuona zofanana.

Gogo Sipanala: Mukuona bwino aPhiri. Chidindo chikakwera kunsonga ndiye kuti pinion ili kutali, sinalowe mokwanira, wonjezerani shim. Chikamira pansi pa dzino nkusiya mzere wakuthwa kutsinde ndiye kuti yalowetsa, chepetsani. Ambiri amalimbana ndi manati a mmbali aja kufuna kukokera chidindo pakati, koma amenewo ntchito yawo ndi backlash ndi kufinya ma bearing a carrier, kukwera ndi kutsika kwa chidindo mwini wake ndi shim. Yambani ndi kuwonjezera 0.06 kapena 0.09, ma shim a Toyota amasiyana ndi 0.03 mm. Ndipo musavutike kupanda ndi kuchotsa bearing yatsopano pa press ulendo uliwonse, muipweteka. Tengani yakale ija, ipaleni mkati ndi sandpaper mpaka izilowa ndi dzanja, muziyesera imeneyo, popanda sleeve popanda seal, kungomanga nati mpaka pinion ilimbe pa muyezo. Mukapeza shim yoyenera ndi pomwe mumapanda yatsopano nkuyang'ananso utoto komaliza, poti ma bearing awiri salingana ndendende.

Chinthu china, magiyawa ayendako kale nde mbali yoponda moto yayamba kusalala, chidindo chake chizioneka chachikulu chosamveka bwino. Khulupirirani kwambiri mbali yochotsa phazi.

Kamfana wa Surf: Nanga preload yo mumayeza ndi chani madala, torque wrench yanga imayambira 40 Nm

Gogo Sipanala: Imeneyo ndi ya manati a matayala. Preload ya pinion pa difu iyi ndi yochepa kwambiri, ma bearing atsopano 19 mpaka 26 kg-cm, ndiye kuti cha m'ma 1.9 mpaka 2.5 Nm, ogwirapo kale ntchito 9 mpaka 13 kg-cm. Ngati mulibe ka torque wrench kakang'ono ka muvi, tengani sikelo ya m'manja ya ngowe ija amayezera nyama kapena nyemba pamsika, bola ikhale yosabera kkk. Mangani kachitsulo pa flange, kolani sikelo pa 10 cm kuchokera pakati pa nati, kokani mopingasa pang'onopang'ono muone nambala yomwe pinion ikuyambira kusuntha. Pa ma bearing atsopano izikhala pakati pa 1.9 ndi 2.6 kg. Muyeze carrier isanalowe, ma bearing atapakidwa oyilo ndipo mutazunguza kangapo kuti akhazikike. Carrier ikalowa nambalayo ikwere ndi 4 mpaka 6 kg-cm, ikapanda kukwera ndiye kuti manati a mmbali ndi omasuka, crown izithawa pinion mukasenza katundu.

Pomanga komaliza ndi sleeve yatsopano pamafunika mphamvu, nati yake imafuna kupitirira 196 Nm sleeve isanayambe nkomwe kugonja, koma kugwedera kukangotha muzimanga pang'onopang'ono kwambiri, kachigawo kakang'ono nkuyeza, kachigawo nkuyeza, chifukwa kuchoka pa zero kufika popitirira ndi kanthawi kochepa. Mukafika, khomani mlomo wa nati mu mpata wa pa pinion kuti isabwerere.

Achimwene a ku Joni: Kuno ma Hilux opita m'mapiri timachotseratu crush sleeve nkuyika solid spacer ya ma shim, kapaipi kolimba kosafwanyika, chifukwa flange ikamenya mwala kapena galimoto ikamadumpha mu low range sleeve ija imatha kufwanyikanso yokha preload nkuthawa. Bambo a Tada mlamu wanu akamadzatumizanso katundu mumuuze, si yodula. Koma pakadali pano sleeve yatsopano yomanga bwino ikwana, ma Hilux ambirimbiri akuyendera yomweyo

Mphunzitsi wa Physics: Sikelo ya nyemba ija ndaikonda, mawa ikulowa mu kalasi

aPhiri a ku Biwi: Tamaliza. 0.06 inachepa, chidindo chinatsika koma mbali yochotsa phazi chinali chikadali kumwamba, pa 0.12 chinayamba kumira, takhazikika pa 0.09. Pano chili pakati pa nsonga ndi tsinde mbali zonse, chapendekera pang'ono mkati mwa crown, zomwe zili bwino chifukwa katundu akakwera chimafalikira kunja. Backlash 0.17 mpaka 0.18. Bearing yaing'ono ya ku flange inali ndi timizere tomwe ananena a Gogo nde tasintha, yaikulu inali bwino. Mabawuti a crown tinawapeza ena olimba ena ofewa, tamanga onse pa 97 Nm ndi loctite. Mwini wake wanyamuka nayo masana ano.

Bambo a Tada: Akuluakulu difu yalowa, oyilo 80W-90 GL-5, ndayenda pang'ono nkuima kuti izizire monga ananenera achimwene a ku Joni, kenako msewu womwe uja wa ku Linthipe. Kho! uja watheratu. Poponda moto kuli zii. Pochotsa phazi kakadalipo kakulira kakang'ono cha pa 70 pokha, ukatsegula windo sukukamvanso, mnyamata uja akuti akukamva chifukwa akudziwa pofunira. Ndikagwira difu nditayenda ndi yotentha koma dzanja likupirira kwa kanthawi. Kotsalako ndi koopsa?

Gogo Sipanala: Si koopsa. Ndi chipsera cha ma kilomita aja inayenda mano akukhudzana kunsonga, mwina kachepa mukakhetsa oyilo pa 800 mwina kakhala, koma sikakula ngati preload ili malo ake. Kakayamba kukula kapena kufalikira ku ma speed ena, lowaninso pansi mugwedeze flange. Mbatatesi zidikire kaye mpaka oyilo woyambayo atuluke.

Anachisale: Nanga yakutsogolo ija? Mesa anamanga ndi munthu yemweyo ndi chipaipi chomwecho. Ili chete chifukwa ma hub ali pa free siikuzungulira, mvula ikagwa mudzailoka muli ndi matumba pamwamba

Bambo a Tada: Mayi mwandikumbutsa, ndalowa pansi pompano, flange yakutsogolo siikugwedera koma ikuuma kuzunguza, mpaka manja awiri. Sleeve yake yatsopano ilinso mu pepala

aPhiri a ku Biwi: Imeneyo nde anaisiya yothina, ikanapsa ma bearing tsiku loyamba la matope. Yakutsogolo ili ndi ntchito yambiri pochotsa, mpaka mumasule ma hub ndi ma knuckle kuti ma shaft asololoke, nde gulanitu ma seal a mkati mwa axle ndi gilizi wa ma CV, poti mwatsegula kale. Loweruka ndilipo mpaka 3 koloko, mubweretsenso bearing yopala ija ndinakupatsani mu jumbo.

Kamfana wa Surf: aPhiri Loweruka lomwelo ndingabwere ndi Surf yanga muimvereko? 140 uja wayamba kuchepa mphamvu